Daniel Dias, katswiri wosambira wa ku Brazil: mafunso ndi mayankho

Kuyambira 2008 mpaka 2021, wotsatira aliyense wa Paralympics, masewero a dziko lonse a anthu aulumali, ankadziwa kuti ikafika nthawi ya mpikisano wosambira wa gulu la S5, dzina loyamba kulisaka pamndandanda ndi la Daniel Dias. Mnyamata wa ku Brazil ameneyu anatola mendulo 27 m'masewero anayi otsatizana. Pansipa pali mafunso amene anthu amakonda kufunsa za iye, komanso za malamulo a masewerowa, chifukwa mbiri yake siimveka bwino kwa munthu amene sadziwa momwe osambira aulumali amagawidwira.

Kodi Daniel Dias ndi ndani?

Dzina lake lonse ndi Daniel de Faria Dias. Anabadwa pa 24 Meyi 1988 mumzinda wa Campinas, m'chigawo cha São Paulo, koma anakulira ku Camanducaia, tauni yaing'ono ya kumapiri m'chigawo cha Minas Gerais. Atayamba kusambira mwakhama anakhazikika ku Bragança Paulista, kumene ankachitira zokonzekera zaka zambiri pansi pa mphunzitsi wake Marcos Rojo Prado. Anaimira Brazil ku Paralympics za ku Beijing mu 2008, London mu 2012, Rio de Janeiro mu 2016 ndi Tokyo mu 2021. Palibe wamasewero wina wa ku Brazil amene wapata mendulo zambiri za Paralympics kuposa iye.

Ali ndi ulumali wotani, ndipo amasambira bwanji?

Anabadwa manja onse awiri ndi mwendo wakumanja zisanaumbike mokwanira. Dzanja lakumanja limathera cha pachigongono, lakumanzere ndi lalifupi ndipo lili ndi chala chimodzi, pomwe mwendo wakumanja umathera cha pabondo. Si ngozi kapena matenda a paubwana ayi, anangobadwa choncho. Anayamba kuyendera mwendo woikirira akadali mwana wamng'ono, ndipo monga ana ambiri a ku Brazil, mtima wake unali pa mpira wamiyendo. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti kusukulu ena ankamunyoza ndi kumupatsa mayina chifukwa cha maonekedwe ake.

M'madzi salowa ndi mwendo woikirira. Malamulo a World Para Swimming, bungwe loyendetsa mipikisano ya osambira aulumali pa dziko lonse, salola wosambira kuvala chiwalo choikirira kapena chipangizo chilichonse chomuthandiza kuyandama kapena kupalasa. Choncho munthu akamaonera mpikisano wa Dias, amaona mwendo uja ukutsala pambali pa dziwe, iye n'kukwera poyambira ndi thupi lake lokha. Popeza alibe zikhatho zokokera madzi ambiri pa mpalaso umodzi, liwiro lake linkachokera pa kuzunguza manja mofulumira kwambiri, mphamvu za m'mapewa ndi m'chiuno, ndi mwendo wakumanzere umene unkagwira ntchito ya iwiri. Thupi lopendekera mbali imodzi limafuna kukhota m'madzi, ndiye mbali yaikulu ya luso lake inali kulisunga lowongoka pakati pa zingwe.

Anayamba liti kusambira?

Mochedwa kwambiri tikayerekeza ndi akatswiri ena, amene ambiri amalowa m'dziwe asanakwanitse zaka 10. Dias anali ndi zaka 16. Mu 2004 ankaonera pa wailesi yakanema masewero a Paralympics a ku Athens, ndipo anaona Clodoaldo Silva, wa ku Brazil mnzake wochokera ku Natal, akutola mendulo 6 zagolide ndi imodzi yasiliva. Pamenepo ndi pomwe anazindikira kuti alipo masewero a anthu onga iye, okhala ndi mbendera, nyimbo yafuko ndi mendulo zenizeni. Anayamba maphunziro osambira ku São Paulo, ndipo m'miyezi iwiri yokha anali atadziwa masambiridwe onse anayi.

Zaka ziwiri zitangodutsa, mu Disembala 2006, anali kale ku Durban m'dziko la South Africa pa mpikisano wa dziko lonse, kumene anapata mendulo 3 zagolide ndi 2 zasiliva. Chosangalatsa n'chakuti pambuyo pake anasambira m'timu imodzi ndi Clodoaldo yemwe uja, ndipo mu 2008 Clodoaldo atasamutsidwa kuchoka m'gulu la S4 kupita ku S5, awiriwa anakhalanso opikisana m'mipikisano ya munthu payekha.

Kodi zilembo za S5, SB4 ndi SM5 zimatanthauza chiyani?

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa nkhani yonse ya Dias, kukwera kwake ndi mathero ake, yagona pamenepa.

Osambira aulumali sapikisana chisawawa. Amagawidwa m'magulu malinga ndi momwe ulumali wawo umachepetsera mphamvu zawo m'madzi, monga momwe a nkhonya amagawidwira potengera kulemera kuti wamng'ono asaponyerane zibakera ndi chiphona. Magulu a S1 mpaka S10 ndi a ulumali wa ziwalo: nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti ulumali ndi waukulu. S11 mpaka S13 ndi a vuto la maso, ndipo a S11, amene saona n'komwe kapena amaona pang'ono zedi, amavala magalasi otseka ndipo amakhala ndi munthu kumapeto kwa dziwe wowakhudza ndi ndodo yofewa kunsonga kuwadziwitsa kuti khoma layandikira. S14 ndi gulu la amene ali ndi ulumali wa kaganizidwe.

Chilembo S chimagwira ntchito pa masambiridwe atatu: freestyle, komwe wosambira amasankha yekha kasambiridwe, backstroke, komwe ndi kusambira chagada, ndi butterfly, komwe manja amaponyedwa kutsogolo pamodzi. SB ndi cha breaststroke, kusambira ngati chule, imene imadalira kwambiri miyendo, n'chifukwa chake munthu mmodzi amatha kukhala ndi nambala ina pamenepo. SM ndi cha medley, mpikisano wophatikiza masambiridwe osiyanasiyana. Dias anali S5, SB4 ndi SM5.

Gulu silitengera dzina la ulumali. M'gulu limodzi mungapezeke wina wopanda manja onse koma wa miyendo yamphamvu, wina wa manja amphamvu koma miyendo yosagwira ntchito, ndi wina wa cerebral palsy, vuto la muubongo losokoneza kayendedwe ka ziwalo. Akatswiri oyeza amaona mphamvu za minofu, kutalika kwa ziwalo ndi kayendedwe ka mfundo munthu ali pamtunda, kenako amamuyeza m'madzi, ndipo amamuyang'anitsitsanso akupikisana. Mapeto ake amamupatsa gulu. Ntchito imeneyi ndi ya anthu, ndipo pomwe pali anthu oyeza anzawo, mikangano siilephera.

Mendulo 27 zija anazipata bwanji?

Zonse pamodzi ndi 14 zagolide, 7 zasiliva ndi 6 zabulonzi.

Ku Beijing mu 2008, ali ndi zaka 20, anapata 9, ndipo palibe wina aliyense pa masewero a chaka chimenecho amene anatola zochuluka chotero. Zagolide zinali 4: mamita 100 ndi 200 freestyle, mamita 50 backstroke ndi mamita 200 medley. Anawonjezera 4 zasiliva ndi imodzi yabulonzi, ziwiri mwa zimenezi m'mipikisano yolandirana ya timu.

Ku London mu 2012 ananyamula mbendera ya Brazil pamwambo wotsegulira, kenako analowa mipikisano 6 ya munthu payekha n'kupambana yonse: mamita 50, 100 ndi 200 freestyle, mamita 50 backstroke, mamita 50 butterfly ndi mamita 100 breaststroke. Brazil yonse inapata mendulo 21 zagolide chaka chimenecho, ndiye 6 mwa izo zinachokera kwa munthu mmodzi.

Ku Rio mu 2016, pamaso pa anthu akwawo, anapatanso 9. Anateteza golide wa mamita 50, 100 ndi 200 freestyle komanso mamita 50 backstroke. Zasiliva zinali 3: mamita 100 breaststroke ndi mipikisano iwiri yolandirana. Zabulonzi zinali 2: mamita 50 butterfly ndi mpikisano wolandirana wa medley.

Ku Tokyo, pa masewero a 2020 amene anachitika mu 2021 chifukwa cha Covid-19, anapata 3 zabulonzi: mamita 200 freestyle, mamita 100 freestyle, ndi mpikisano wolandirana wa amuna ndi akazi.

Masewero ake opambana anali ati, London kapena Rio?

Anthu amatsutsana pamenepa. Amene amakonda phokoso la m'bwalo amasankha Rio, ndipo n'zomveka. Bwalo losambiramo linkadzaza ndi anthu ovala zachikasu, akuimba dzina lake asanalowe n'komwe m'madzi, ndipo ndi ku Rio kumene anafika pa mendulo 24, kudumpha Matthew Cowdrey wa ku Australia amene anali ndi 23. Kumeneko anasambiranso mpikisano wolandirana wa mamita 4x50 pamodzi ndi Clodoaldo Silva, Joana Neves ndi Susana Schnarndorf, n'kupata siliva. Clodoaldo, amene anayatsa muuni waukulu pamwambo wotsegulira m'bwalo la Maracanã ku Rio, anali pa Paralympics zake zomaliza, ndipo mendulo yake yomaliza anaipata limodzi ndi mnyamata amene anayamba kusambira atamuona pa kanema.

Koma tikanena za masambiridwe okha, London ndi patali. Kupambana mamita 50 freestyle kumafuna liwiro la mphezi. Mamita 200 amafuna mpweya ndi nzeru zogawa mphamvu. Breaststroke ndi butterfly zili ndi malamulo ake okhwima a kayendedwe ka manja ndi miyendo, ndipo kuphonya pang'ono amakuchotsa mumpikisano. Osambira ambiri amakhala akatswiri pa chimodzi kapena ziwiri. Kutenga golide pa masambiridwe onse anayi m'masiku 10 okha, ukusambira m'mawa mpikisano wa chipulula n'kubwereranso madzulo ku ndime yomaliza, ndi chinthu chimene ngakhale iye mwini sanachibwerezenso.

Pa masewero a ku Rio omwewo m'pamene dziko la Malawi linaonekera koyamba ku Paralympics, kudzera mwa wothamanga Taonere Banda wa mamita 400.

Nanga mipikisano ya "mapointi 20" ndi "mapointi 34" ndi yotani?

Mu mpikisano wolandirana, osambira anayi a dziko limodzi amakhala a magulu osiyana. Kuti pakhale chilungamo, manambala a magulu awo akaphatikizidwa asapitirire malire. Pa mapointi 20, mphunzitsi angaike anayi a S5, kapena kusakaniza monga S3, S4, S6 ndi S7. Pa mapointi 34 pamafunika osambira a magulu apamwamba.

Apa m'pomwe Dias ankathandizira timu yake mwapadera. Pa mapointi 34, kuika munthu wa S5 kumasiya mapointi 29 kwa atatu otsalawo, kutanthauza kuti mutha kuika awiri a S10 ndi mmodzi wa S9. Njira imeneyi imagwira ngati wa S5 uja ndi waliwiro mokwanira kuti asasiye mpata wosatheka kuutseka. Brazil inali ndi André Brasil ndi Phelipe Rodrigues m'gulu la S10, ndipo inali ndi Dias. Woonera wosadziwa ankadabwa kuona Brazil ili kumbuyo kwenikweni ndime yoyamba itatha, kenako n'kumadutsa mayiko ena mmodzimmodzi mpaka kukafika pa mendulo.

N'chifukwa chiyani sanapate golide ku Tokyo?

Zifukwa zilipo ziwiri, ndipo amene amatchula chimodzi chokha samuchitira chilungamo iye kapena amene anamugonjetsa.

Choyamba ndi kusintha kwa malamulo ogawira magulu. Kuyambira 2018, World Para Swimming inayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yoyezera osambira a ulumali wa ziwalo, ndipo onse anayenera kuyezedwanso. Dias anatsala mu S5, koma osambira angapo amphamvu amene kale anali m'magulu a ulumali wocheperapo anatsitsidwa n'kumupeza komweko. Francesco Bocciardo wa ku Italy, amene ku Rio anapata golide wa mamita 400 freestyle m'gulu la S6, ndi amene anatenga golide wa mamita 100 ndi 200 freestyle mu S5 ku Tokyo. Zheng Tao wa ku China, amene anali katswiri wa backstroke mu S6 ku London ndi ku Rio, anabweranso mu S5 n'kutola mendulo 4 zagolide ku Tokyo. Marekodi a dziko lonse amene Dias anawasunga zaka zambiri anagwa motsatizana.

Zheng Tao alibe manja onse awiri. Poyamba mpikisano wa backstroke amaluma nsalu imene mphunzitsi wake wagwira pamwamba, belu likalira amailavula n'kudzikankha ndi miyendo, ndipo pomaliza amagunda khoma ndi mutu. Munthu wotere sungamunene kuti ulumali wake ndi wochepa. Funso limene Dias ankafunsa silinali loti anzakewo ndi olumala kapena ayi. Ankafunsa ngati munthu wa miyendo iwiri yamphamvu, amene amatha kuyenda mtunda wautali pansi pa madzi akangodumphira, ali pa mlingo umodzi ndi munthu wa mwendo umodzi ndi manja aafupi. Anadandaula poyera kuti njira yatsopanoyo inakhazikitsidwa mosamveka bwino ndiponso osambira eni ake sanamvedwe mokwanira.

Chimene chinamupweteka kwambiri ndi nkhani ya mnzake André Brasil. André, amene mwendo wake wakumanzere unalumala ndi poliyo, anali ndi mendulo 14 za Paralympics, 7 mwa izo zagolide. Mu 2019 anamuyezanso n'kumuuza kuti sakuyeneranso kupikisana mu S10, gulu lomaliza la ulumali wa ziwalo, ndipo pamwamba pake palibenso kolowera. Munthu amene wapikisana zaka zoposa 10 anangouzidwa tsiku limodzi kuti ulumali wake sukukwana.

Chifukwa chachiwiri ndi msinkhu. Ku Tokyo anali ndi zaka 33, ndipo nthawi yake pa mamita 200 freestyle inali yotalikirapo ndi masekondi opitirira 10 kuyerekeza ndi ya ku London. Ngakhale malamulo akanapanda kusintha, Dias wa 2021 sanali Dias wa 2012. Komabe kulowa m'gulu lodzaza ndi alendo amphamvu chonchija n'kutulukamo ndi mendulo ziwiri za munthu payekha si chinthu chochepa. Pa mendulo zake zonse, zabulonzi za ku Tokyo ndi zina mwa zimene anazikhetsera thukuta kwambiri.

Mpikisano wake womaliza unali uti?

Mamita 50 freestyle pa 1 Sepitembala 2021 ku Tokyo Aquatics Centre. Anathera pa nambala 4, kumbuyo kwa osambira atatu a ku China: Zheng Tao, Yuan Weiyi ndi Wang Lichao. Anali atalengeza kale kumayambiriro kwa chaka kuti akatha masewero a ku Tokyo apuma. Mipando ya oonerera inali yopanda anthu wamba chifukwa cha mliri. Pamwambo wotsekera ndi iye amene ananyamula mbendera ya Brazil.

Kupatula Paralympics, anapambananso kuti?

Pa mipikisano ya dziko lonse ya osambira aulumali anapata mendulo 40, ndipo 31 mwa izo ndi zagolide. Anayambira ku Durban mu 2006, n'kupita ku Eindhoven mu 2010 kumene anatola 8 zagolide, Montreal mu 2013, Glasgow mu 2015, Mexico City mu 2017 ndi London mu 2019. Ku London mu 2019, malamulo atsopano aja atayamba kale kugwira ntchito, anapata golide mmodzi yekha, wa mamita 50 freestyle.

Pa masewero a Parapan American Games, a mayiko a kumpoto, pakati ndi kumwera kwa America, mbiri yake ndi yovuta kuikhulupirira: mendulo 33, zonse zagolide. Anapata 8 ku Rio mu 2007, 11 ku Guadalajara mu 2011, 8 ku Toronto mu 2015 ndi 6 ku Lima mu 2019. Tinene chilungamo, mpikisano wa chigawo chimenechi ndi wopepukirapo, chifukwa ambiri mwa opikisana naye oopsa a S5 anali ku Europe ndi ku China. Koma kusambira ndime zomaliza zochuluka chotero osaterereka ngakhale kamodzi, osachotsedwa chifukwa chodumpha belu lisanalire kapena kukhudza khoma molakwika, ndi umboni wa munthu wosamala kwambiri pa ntchito yake.

Mphoto ya Laureus imene amaitchula kawirikawiri ndi chiyani?

Ndi mphoto zapachaka zolemekeza amasewero opambana pa dziko lonse, ndipo osankha ake ndi akatswiri akale a masewero osiyanasiyana. Pali gawo la wamasewero waulumali wopambana m'chaka. Dias anaipata katatu: mu 2009 chifukwa cha Beijing, mu 2013 chifukwa cha London, ndi mu 2016 chifukwa cha zimene anachita ku Glasgow ndi ku Toronto mu 2015. Mu 2010, chaka chotsatira mphoto yake yoyamba, inapita kwa wosambira wina, Natalie du Toit wa ku South Africa.

Kodi ndi iye amene ali ndi mendulo zambiri m'mbiri ya Paralympics?

Ayi. Mbiri imeneyo ndi ya Trischa Zorn wa ku United States, wosambira wosaona amene anapikisana kuyambira 1980 mpaka 2004 n'kupata mendulo 55, zagolide 41. Jessica Long, wa ku United States yemwenso, nayenso anadutsa pa 27. Pakati pa osambira aamuna, Dias ndiye ali ndi mendulo zambiri zikaphatikizidwa zonse, koma pa zagolide zokha Ihar Boki wa ku Belarus, wa gulu la S13, anamupitirira ku Tokyo, ndipo ku Paris mu 2024 anafika pa 21.

Manambala amenewa muziwawerenga mosamala. M'zaka za m'ma 1980 mipikisano inali yambiri ndipo opikisana anali ochepa. Komanso kuchuluka kwa mipikisano imene gulu lililonse limapatsidwa kumasintha masewero alionse. Dias anapata golide wa mamita 200 medley ku Beijing, koma ku London ndi ku Rio mpikisano umenewo wa amuna a SM5 sunalipo, ndiye analibe mwayi wouteteza.

Bwanji amamuyerekeza ndi Michael Phelps?

Chifukwa onse awiri anali osambira otola mendulo zambiri pa masewero amodzi, ndipo nyengo zawo zinakumana ku Beijing, London ndi Rio, m'madziwe omwewo. Phelps, wa ku United States, anamaliza ndi mendulo 28 za Olympics, Dias 27 za Paralympics. Atolankhani kufananitsa kotere amakukonda chifukwa kumawafupikitsira ntchito. Dias mwini ankayankha mwaulemu kuti amalemekeza Phelps koma iye ndi Daniel Dias, ndipo akufuna kudziwika ndi dzina lake. Anali ndi mfundo. Phelps sanayezedwepo ndi gulu la akatswiri kuti aone ngati akuyenera kupikisana, ndipo sanadzukepo tsiku lina n'kupeza kuti opikisana naye asinthidwa ndi cholembera.

N'chiyani chimachititsa Brazil kukhala ndi osambira aulumali amphamvu chonchi?

Luso lokha silikwanira, pali ndalama ndi dongosolo. Komiti ya Paralympics ya ku Brazil, Comitê Paralímpico Brasileiro, inakhazikitsidwa mu 1995. Mu 2001 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Agnelo/Piva, limene limapatula gawo la ndalama za lotale ya boma kupita ku masewero a Olympics ndi Paralympics, ndipo mu 2015 gawo la a Paralympics linakwezedwa. Ndalama zimenezi zimabwera chaka ndi chaka, komiti siichita kuyenda ndi mbale mpikisano ukayandikira. Palinso Bolsa Atleta, thandizo la mwezi ndi mwezi limene boma limapereka mwachindunji kwa amasewero ochita bwino kuyambira 2005. Mu 2016 anatsegula ku São Paulo malo aakulu ochitira zokonzekera a amasewero aulumali okhaokha, okhala ndi madziwe, mabwalo ndi malo ogona. Chaka chilichonse kumachitikanso Paralimpíadas Escolares, mipikisano ya ana asukulu aulumali ochokera m'zigawo zonse za dzikolo, kumene aphunzitsi amakasakako luso.

Dias anatulukira pa nthawi imene dongosolo limeneli linkayamba kubala zipatso, ndipo mendulo zake zinathandiza kuti makampani ndi mawailesi ayambe kuikako mtima. Zotsatira zake zikuoneka pamndandanda wa mayiko. Brazil inali pa nambala 9 ku Beijing, pa 7 ku London, pa 8 ku Rio, pa 7 ku Tokyo ndi mendulo 72, ndipo ku Paris mu 2024 inafika pa nambala 5 ndi mendulo 89, zagolide 25, iye atapuma kale.

Akuchita chiyani kuchokera pamene anapuma?

Masewero a ku Tokyo ali mkati, amasewero anzake anamusankha kukhala m'khonsolo ya amasewero ya International Paralympic Committee, imene imalankhula m'malo mwawo kwa akuluakulu oyendetsa. Nkhani ya kagawidwe ka magulu ndi imodzi mwa zimene anaima nazo. Mu 2014 anali atakhazikitsa kale Instituto Daniel Dias ku Bragança Paulista, bungwe lophunzitsa kusambira ana ndi achinyamata aulumali. Amaitanidwanso kukalankhula m'masukulu ndi m'makampani. Ndi bambo wa ana atatu komanso Mkhristu amene sabisa chikhulupiriro chake.

Ndani watenga malo ake m'timu ya Brazil?

Palibe mmodzi amene akutola mendulo 9 pa masewero amodzi, koma mayina awiri ndi amene ali pakamwa pa anthu. Gabriel Araújo, wodziwika ndi dzina lakuti Gabrielzinho, ndi wa ku Minas Gerais ndipo anabadwa mu 2002 wopanda manja komanso ndi miyendo yaifupi. Amapikisana mu S2, ndipo amasambira poweyula thupi lonse. Ku Tokyo anapata mendulo 2 zagolide ndi imodzi yasiliva, ndipo ku Paris anapambana mipikisano itatu: mamita 50 ndi 100 backstroke ndi mamita 200 freestyle. Amadziwikanso ndi kuvina akamalandira mendulo.

Winayo ndi Maria Carolina Santiago wa ku Recife, wa gulu la S12 la vuto la maso. Iyeyu analowa m'masewero a aulumali atapitirira kale zaka 30. Anapata mendulo 3 zagolide ku Tokyo ndi zina 3 ku Paris, ndipo tsopano ndiye mkazi wa ku Brazil amene ali ndi mendulo zagolide zambiri za Paralympics, kuposa wothamanga Ádria Santos amene anali ndi 4.